Kujambula filimu yaifupi yoseketsa ya mtsikana wolakalaka zisudzo mu Lilongwe

Filimu ya mtsikana wa kusekondale amene mutu wake wadzaza zisudzo ndi imodzi mwa mafilimu otchipa omwe kagulu ka achinyamata kangajambule mu Lilongwe muno. Siifuna galimoto zothamangitsana kapena nyumba ya mpanda ya ku Area 43. Nyumba imodzi ya ku Kawale kapena ku Area 25, kalasi imodzi, benchi ya tomato, ochita sewero a magawo aakulu osapitirira 6 ndi foni yojambula bwino, zakwana. Chomwe chimagwetsa mafilimu otere kawirikawiri si kuchepa kwa zipangizo ayi, koma mtsikana amene akusewera akudziwa kuti akuseketsa. Akangoyamba kutong'ola maso, kukweza mawu ndi kupotokola milomo kuti anthu afe ndi phwete, nthabwala yathera pomwepo. Kwa mtsikana wa m'nkhani yanu, loto lakelo si choseketsa ngakhale pang'ono. Aseke ndi oonera, iye ayi. Polemba, posankha anthu, pojambula ndi poedita, chimenechi ndicho muziteteza.

Nkhani yake

Ulendo woyamba musalote filimu ya maola awiri. Lingani mphindi 12 mpaka 15. Sikiripiti ikalembedwa mwa dongosolo lake, dzina la wolankhula pamzere wakewake ndipo mawu ake m'munsi, tsamba limodzi la A4 limatuluka pafupifupi mphindi imodzi pa kanema. Ndiye kuti mukufuna masamba 12 mpaka 15, masini (zigawo za nkhani) 8 mpaka 10, ndi malo ojambulira atatu basi. Malo aliwonse owonjezera ndi ndalama ina ya minibasi, chilolezo china, ndi theka la tsiku lothera panjira.

Mtsikanayo timutche Tadala, wa zaka 16, wa Fomu 3. Kalasi imeneyi ikuyenera nkhaniyi chifukwa JCE yadutsa, MSCE ikadali kutsogolo. Iye akuona kuti nthawi ilipo yambiri, amayi ake akuona kuti yatha kale. Tadala akufuna gawo lalikulu m'sewero la kalabu ya zisudzo ya pasukulu. Aphunzitsi amupatsa gawo la wantchito wa m'nyumba, ndipo m'sewero lonselo mawu ake ndi atatu okha: "Tiyi wapsa, bwana." Kunyumba wanama kuti masana amapita ku patitaimu ya masamu, ndalama yake n'kugulira wigi ndi nsapato za gogoda pa kaunjika. Amayi ake amagulitsa tomato, ndipo mumtima mwawo anamuveka kale yunifolomu ya unamwino.

Bodzalo musalichotse. Ndi lomwe limasiyanitsa nkhani ya kukula kwa mwana ndi mulu wa nthabwala zongotsatizana. Popanda mlandu woti auyankhe, Tadala wa kumapeto adzakhala yemwe uja wa koyambirira.

Mawu atatu aja amveke malo atatu. Koyamba pa mpopi wa pabwalo: Tadala akuwayesa mwaulemu, mwaukali, mwachisoni, ndowa itadzaza kalekale madzi akutayika, amayi a nyumba zoyandikana ali pamzere manja ali m'chiuno. Kachiwiri m'kalasi: aphunzitsi a masamu amuloza kuti ayankhe funso, iye maganizo ali kutali, adzuka n'kuyankha kuti tiyi wapsa. Kachitatu musamuike pa siteji ya sukulu, kumene aliyense akuyembekezera. Muikeni kunyumba madzulo bodza litaululika, amayi asakumulankhula. Tadala aphika tiyi weniweni, agwada, n'kunena chapansipansi: "Tiyi wapsa, amayi." Pamenepo pasaseke munthu, ndipo ndi pomwe oonera aone koyamba kuti mwanayu luso ali nalo.

Olemba ambiri kuno anakulira masewero a pawailesi monga Sewero la Sabata Ino la MBC, momwe chilichonse chimayenera kutchulidwa pakamwa poti womvera saona. Chizolowezi chimenecho chimalowerera m'sikiripiti ya filimu. Mukamaliza kulemba, tengani cholembera mufufute mzere uliwonse wonena chinthu chomwe kamera ikuonetsa kale. "Amayi, ndikuona mwakwiya" achoke. M'malo mwake amayi atule beseni la tomato pansi pang'onopang'ono, osachotsa maso pa wigi. Kenako werengani sikiripiti yonse mokweza pamodzi ndi achinyamata a msinkhu wa Tadala. Mzere womwe lilime lawo likupunthwa nawo, afunseni mmene akanaunenera okha. Ana a mu Lilongwe amasakaniza Chichewa ndi Chingerezi akamacheza, koma pamaso pa kholo amasintha, ndipo kusinthako kumaseketsa pakokha.

Pa mkangano wa Tadala ndi amayi ake, mpatseni mayina enieni oti adzitetezere nawo, chifukwa mwana wotere amawaloweza pamtima. Angatchule Joyce Mhango Chavula, amene filimu yake ya Lilongwe inapata mphoto ya mafilimu a mu Africa ya AMVCA ku Nigeria mu 2016, kapena Lily Banda, amene anasewera mu The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019. Angafike mpaka pa Michael Usi, Manganya wa mu Tikuferanji, amene anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Amayi asagonje: "Iwowo sukulu anamaliza. Iwe masamu wapeza zingati?" Kutchula anthu odziwika motere kulibe vuto malinga simukuwanyoza kapena kuwaikira mawu m'kamwa.

Kupeza Tadala

Yambirani kwa aphunzitsi oyang'anira makalabu a zisudzo m'masukulu, makamaka omwe amapita ndi ana ku mipikisano ya zisudzo za masukulu ya ATEM ndi NASFEST. Amadziwa mwana amene amasunga nthawi ndi amene amangofuna kuonekera. Odishoni ikhale yaulere, masana, pamalo odziwika monga holo ya sukulu kapena ya tchalitchi. Aliyense mpatseni tsamba limodzi lomwelo, mumujambule pa foni, ndipo chisankho muchipange mukuonera pa foniyo, osati pa zomwe munaona ndi maso mu holo. Anthu ena amawala pamaso koma pa kamera n'kuzilala, ena ayi.

Muyeseni zinthu ziwiri. Choyamba, akamaliza muuzeni abwereze ndi theka la mawu, manja ali m'thumba. Amene waphunzira zisudzo za pa siteji zimamuvuta, ndipo si mlandu wake. John Nyanga ndi Eric Mabedi, a Izeki ndi Jakobo, ankaseketsa holo yodzaza, ndipo mu holo mawu ndi manja zimayenera kufika kwa wa pampando wakumbuyo. Kamera yanu ili pa mita imodzi ndi theka. Kusewera kwa pa siteji pamaso pa kamera kuli ngati kuthira mchere kawiri m'ndiwo. Chachiwiri, muyang'aneni pamene mnzake ndiye akulankhula. Kodi akumvetsera, kapena akungodikira nthawi yake milomo ikubwereza mzere wotsatira? Theka la nthabwala za filimuyi lili pa nkhope ya womvetsera. Mtsikana amene angathe kunena zopusa nkhope ili gwa, gulu lonse likuseka iye osagwedezeka, ndiye Tadala wanu, ngakhale atakhala kuti sanakwerepo siteji.

Gawo la amayi lipite kwa mayi weniweni wa zaka za m'ma 40, osati mnzanu wa Fomu 4 wopakidwa ufa m'mutu. M'magulu a amayi a kumpingo muli akatswiri osadziwika, ndipo mayi amene anagulitsapo pamsika safuna kuphunzitsidwa kanenereredwe ka mtengo.

Za msinkhu musazitenge mopepuka. Kuchokera mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Pitani nokha kwa makolo, muwafotokozere nkhani yonse, muwasiyire sikiripiti, ndipo asaine kalata yonena masiku ojambula, nthawi yoweruka ndi komwe filimuyo idzaonetsedwe. Pa tsiku lililonse lojambula pakhale mayi wamkulu amene makolowo akumudziwa, kaya azakhali kaya aphunzitsi, ndipo ana afike kwawo kusanade. Ngati m'nkhani muli mnyamata amene Tadala amamuonera m'kona ya diso, zithere pa kuyang'anana ndi kusowa chonena. N'zomwe zimaseketsanso kuposa. Njira yosavuta ndi kupeza mtsikana wa zaka 18 kapena 19 wooneka wamng'ono, koma makolo ake muwaonebe.

Pulakatisi ikhale katatu kapena kanayi, maola awiri ulendo uliwonse. Mukapitirira apo nthabwala zimafwifwa, ndipo ochita sewero amayamba kuwonjezera zokometsera kuti aseketsenso anzawo omwe anazolowera.

Malo, phokoso ndi nyengo

Nyumba musaisankhe ndi maso okha. Pitani pa tsiku ndi ola lomwe mudzajambule, muime pabwalo mphindi zisanu muli chete, mumvetsere. Chigayo, owotcherera zitseko, njinga zamoto za kabaza, bala yoyamba nyimbo masana, tchalitchi cha masipika Lamlungu, mzikiti Lachisanu masana: zonsezi khutu linazizolowera, koma maikolofoni imazitola zonse. Nyumba ya kumapeto kwa kanjira, kutali ndi msewu wa minibasi, imaposa nyumba yokongola ya m'mbali mwa M1. Denga la malata lopanda siling'i limalira dzuwa likatentha, ndipo mvula ikangowaza simungajambule mawu m'nyumbamo.

Chifukwa cha chimenechi miyezi ya mvula, kuyambira November mpaka April, ndi yovuta. Nthawi yabwino ndi May mpaka August. Mu June ndi July konzekerani mphepo ya mwera; mu August masukulu amakhala pa holide yaitali, makalasi ali opanda anthu ndipo ana ali ndi mpata, koma fumbi limakhala litayamba. Mu October foni imatentha msanga n'kusiya kujambula pakati pa sini, choncho muziisunga pamthunzi, itachotsedwa m'chikwama chake.

Kalasi mupemphe kwa mphunzitsi wamkulu polemba kalata. Baji ya sukulu yeniyeni isaoneke pa yunifolomu, chifukwa mphunzitsi woseketsa wa m'filimu anthu adzamuyesa wa pasukulupo. Kumudzi kwa m'tauni dziwitsani amfumu a m'deralo ndi eni nyumba zoyandikana. Sini ya tomato musaijambulire mumsika waukulu kapena ku Tsoka. Kumeneko mufunika chilolezo cha akuluakulu a msika, phokoso silingatheke, ndipo pa shoti (kachigawo kojambulidwa mosadukiza) iliyonse padzakhala anthu khumi oyang'ana m'kamera. Bwerekani benchi, gulani beseni limodzi la tomato ndi anyezi pang'ono, muike m'mbali mwa kanjira ka m'dera lanu, ogula akhale anthu anu. Tomatoyo adzakhala ndiwo za gulu mawa lake. Nyumba za boma, malo a asilikali ndi bwalo la ndege musalozeko kamera popanda kalata.

Zipangizo ndi kakonzedwe kake

Foni ijambule chopingasa, pa mulingo wa chithunzi wa 1080p, mafulemu (zithunzi) 25 pa sekondi. Nambala imeneyi ili ndi chifukwa: magetsi a kuno ndi a 50 Hz, ndipo foni zambiri zimabwera zitaikidwa pa mafulemu 30, zomwe zimachititsa kuti chithunzi chiziphethira kapena kuyenda mizere pansi pa mababu ena. Ngati kamera ya foni yanu siilola kusintha, pulogalamu yaulere ya Open Camera kapena Blackmagic Camera imathandiza pa foni zomwe zimailola. M'nyumba ikani shutter (nthawi yomwe kamera imalowetsa kuwala pa chithunzi chilichonse) pa 1/50. Musanayambe shoti iliyonse pukutani galasi la kamera, dinani pa nkhope ya wosewera mpaka fokasi ndi kuwala zikhomeke, apo ayi chithunzi chizidzawala ndi kuda chokha munthu akamasuntha. Foni ikhale pa flight mode. Pezani tripod (choimikira kamera cha miyendo itatu), ngakhale yobwereka. Nthabwala imafuna chithunzi chokhazikika kuti diso likhale pa nkhope.

Kuti mutulutse mphindi 15 mudzajambula maola awiri kapena kuposerapo. Pa 1080p mphindi imodzi imadya pakati pa 60 MB ndi 130 MB kutengera foni, ndiye siyani malo osachepera 32 GB. Madzulo alionse koperani zonse malo awiri, pa laputopu ndi pa fulashi kapena hard drive, musanafufute kalikonse. Mapawabanki awiri a 20,000 mAh akhale odzaza, poti magetsi sapangana ndi munthu.

Ngati ndalama ilipo yogulira chinthu chimodzi chokha, gulani maikolofoni. Oonera amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma nthabwala yomwe sanaimve bwino saiseka, ndipo sabwerera m'mbuyo kuti aimvenso. Kamaikolofoni kopanira pa kolala kalumikizeni ku foni yachiwiri yomwe ili m'thumba la wosewera, kakhale masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pachibwano. Mukakabisa mkati mwa bulauzi, kamatireni ndi pulasitala kuti kasakhuzane ndi nsalu. Nsalu ya nayiloni ndi mikanda ya m'khosi zimakanda mawu. Panja kavekeni kasiponji kake, pamwamba n'kukulunga kachidutswa ka ubweya kodulidwa ku chidole cha pa kaunjika. Mphepo ya mwera siilowa. Mu pulogalamu yojambulira mawu sankhani WAV, 48 kHz, mulingo uzifika cha pa -12 dB munthu akakweza. Pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kumvetsera pa mahedifoni basi, ndipo akhale ndi mphamvu yoimitsa shoti tambala akalira pakati pa mzere. Shoti iliyonse iyambe ndi munthu wotchula nambala ya sini n'kuomba m'manja kamodzi pamaso pa kamera. Kuombako ndi komwe mudzagwirizanitsire mawu ndi chithunzi. Musanachoke pamalo aliwonse, onse akhale chete mphindi imodzi mujambule phokoso la pamalopo lokha, lodzatsekera mipata poedita.

Kuwala kwanu ndi dzuwa. M'miyezi yozizira limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa cha m'ma hafu pasiti 5. Za panja jambulani kuyambira hafu pasiti 6 mpaka hafu pasiti 9 m'mawa, ndi kuyambira 3 koloko mpaka 5 koloko madzulo. Dzuwa la paliwombo limaika mithunzi m'maso, ndiye nthawi imeneyo lowani m'kalasi, pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango. Bulauzi yoyera ya sukulu ndi msampha: foni imaona kuyerako n'kuchepetsa kuwala, nkhope n'kuda bii. Sankhani ya buluu wotuwa, kapena yoyerayo iviikeni m'tiyi wosalimba n'kuiyanika kuti kuwala kwake kuzilale. Chobwezera kuwala pankhope pangani ndi chithovu choyera chija chimatetezera firiji m'katoni, kapena katoni ya mita imodzi yomatidwa mapepala oyera. M'nyumba wosewera ayang'ane ku windo, asalifulatire. Sini ya tiyi ya madzulo ija iunikeni ndi nyali ziwiri zotchaja za mtundu umodzi, zolozetsedwa ku khoma loyera osati kumaso.

Pojambula

Gulu losazolowera limatha masamba atatu kapena anayi pa tsiku, ndiye konzani masiku anayi ndi limodzi lapadera lobwereza zolakwika. Jambulani potsata malo, osati potsata nkhani: za kunyumba zonse pamodzi, za m'kalasi zonse pamodzi. Apa ndi pomwe zovala zimasokonekera. Munthu mmodzi azijambula chithunzi cha wosewera aliyense sini isanayambe, ndipo Tadala asamete kapena kusintha tsitsi mpaka tsiku lomaliza. Chakudya chisachedwe. Anthu 12 amafuna ufa wa makilogalamu 3 mpaka 4 pa nkhomaliro ndi madzi akumwa malita 20 kapena kuposa, ndipo wophika asakhale mmodzi wa ochita sewero. Ndalama zambiri za filimu yotere zimathera pa chakudya ndi mayendedwe, osati pa kamera.

Sini yaikulu ya filimuyi ikhale ya kulira, ndipo muipatse m'mawa wathunthu. Tadala wamva kuti katswiri weniweni amalira nthawi iliyonse yomwe wafuna. Watsala yekha pakhomo, wadzitsekera kuchipinda, wayamba kuyesa. Shoti yoyamba ndi yapafupi: ali pa kagalasi, ayesa kulira kamodzi, aima, apukusa mutu posakhutira, amwa madzi, ayambanso mokweza. Asaseke, asayang'ane kamera, akugwira ntchito. Shoti yachiwiri ili panja: mayi wa nyumba yoyandikana akuchapa, manja aima m'beseni, atchera khutu, amanga chitenje bwinobwino. Yachitatu ndi yapatali, kamera ili pa tripod osasuntha: amayi atatu alowa pabwalo mwakachetechete, akhala pansi pakhonde miyendo atatambasula, wina wayamba kale kusisima. Yachinayi ndi ya masekondi atatu okha: kamnyamata kakuyala masamba pamsewu.

Kenako amayi a Tadala atulukira, beseni lili pamutu. Apa musadule shoti. Ikani kamera pomwe ikuonetsa iwo ndi amayi a pakhonde nthawi imodzi, chifukwa choseketsa ndi mtunda womwe uli pakati pa odziwa ndi osadziwa. Mmodzi adzuka, awagwira mkono: "Amake Tadala, pepani. Zovutazi zagwa nthawi yanji?" Amayi ayang'ana masamba, ayang'ana chitseko, kulira kukumveka mkati. Atula beseni. "Iwe Tadala! Watisiya ndani?" Kulira kuleka. Chitseko chitseguka, Tadala ali ndi wigi yopendekeka, maso ouma: "Palibe, amayi. Ndi pulakatisi."

Mzere umenewu ukanenedwa, dairekitala asafulumire kuimitsa. Kamera ipitirire masekondi asanu kapena khumi. Chiseko chachikulu sichili pa mawu a Tadala koma pa zotsatira zake: mayi wosisima uja akupukuta misozi yomwe yapita pachabe, wina akudzuka n'kusasa chitenje osayang'ana munthu. Mukatha shoti ya onse pamodzi, jambulani nkhope ya aliyense payekha akumva mzerewo, ngakhale amene alibe cholankhula. Agulu onse omwe sali m'shoti aime kumbuyo kwa kamera, ndipo amene sangathe kudzigwira apite kuseri, poti kuseka kwawo kukalowa m'maikolofoni shoti yabwino yawonongeka. Dziwitsaninso anthu a m'deralo dzulo lake, ndipo masambawo achotsedwe shoti ikangotha, kuopa kuti odutsa angayambedi kukhuza.

Pa sini za anthu awiri olankhulana, lingalirani mzere wochoka kwa wina kupita kwa mnzake, kamera ikhale mbali imodzi ya mzerewo mpaka sini ithe. Mukaudumpha, poedita onse awiri adzaoneka akuyang'ana mbali imodzi. Shoti iliyonse ibwerezedwe katatu kapena kanayi. Mukapeza yabwino, apatseni ulendo umodzi womasuka woti anene mmene akufunira. Mayi wa tomato uja nthawi zambiri amatulutsa mzere woposa wolembedwa. Wosewera akakokomeza, musamuuze kuti achepetse kuseketsa, chifukwa sadziwa pochepetsera. Mpatseni chochita: asende anyezi, awerenge ndalama, asite yunifolomu uku akulankhula.

Kuedita ndi kuonetsa

Pulogalamu yoeditira ya DaVinci Resolve ndi yaulere koma imafuna kompyuta yamphamvu. Pa laputopu yofooka Shotcut kapena CapCut zimagwira. Yambani ndi kugwirizanitsa mawu ndi chithunzi pa kuomba m'manja kuja, kenako lumikizani filimu yonse mosasamala kukongola, muione kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ikatero ndiye muyambe kusema. Nthabwala imakhala kapena kufa pa theka la sekondi, omwe ndi mafulemu pafupifupi 12 okha. Yesani kuchedwetsa yankho la Tadala pachitseko ndi mafulemu amenewo, muone. Kenako lifulumizitseni, muonenso. Lowani m'sini mochedwa, tulukani msanga: moni wa pakhomo ndi kutsanzikana zichoke pokhapokha ngati muli nthabwala. Musaike kuseka kojambulidwa kale kapena timaphokoso ta makatuni. Zimauza woonera kuti inu eni simukuikhulupirira nthabwalayo.

Nyimbo ya woimba wina musaiike popanda chilolezo. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza eni nyimbo, ndipo bungwe la COSOMA ndi lomwe lingakuunikireni za malipiro. Ngakhale nyimbo yongomveka kuchokera ku bala ya pafupi ingachititse kuti YouTube kapena Facebook itseke mawu a filimu yanu. Chapafupi ndi kupempha mnzanu woimba gitala kapena kwaya ya achinyamata kuti akupangireni zawozawo, n'kulemberana pa pepala.

Musanaitulutse, itanani anthu khumi omwe sanakhudzidwe nayo, achinyamata ndi amayi akuluakulu osakaniza. Musaifotokoze. Khalani pambali muziyang'ana nkhope zawo, osati sikirini, ndipo lembani mphindi yomwe wina wagwira foni yake. Pamenepo pali chodula. Mukawafunsa ngati yawasangalatsa adzavomera mwaulemu, ndiye afunseni kuti akufotokozereni nkhaniyo. Mverani filimu yonse pa sipika ya foni yotchipa, chifukwa ambiri adzaonera pamenepo. Makolo a ana omwe asewera aione iwo asanaione anthu ena.

Ngati mukufuna kuionetsa pagulu, kaya mu holo ya sukulu kaya pamalo olipiritsa, pitani nayo kaye ku Censorship Board, yomwe imagwira ntchito pansi pa lamulo la 1968 loona za zisangalalo, kuti aiunike n'kuipatsa msinkhu wa oonera. Mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi asapitirire mizere iwiri ya zilembo pafupifupi 40 uliwonse, ndipo asatulukire wosewera asananene mzere wake, apo ayi owerenga aseka nthabwala isanafike. Tulutsani makope awiri: la 1080p la pa YouTube ndi pa pulojekita, ndi laling'ono la 480p lotumizirana pa WhatsApp osamaliza bandulo ya munthu. Koma ngati mukulinga zokapikisana nayo ku zikondwerero za mafilimu, werengani kaye malamulo awo musanaiike pa intaneti, chifukwa zina sizilandira filimu yomwe ili kale poyera. Podikirapo, dulani masekondi 40 a sini ya kulira, muthere pomwe chitseko chikuyamba kutseguka, ndipo amenewo ndiwo muzitumiza.